Nthutumba ya apongozi ndi chifu changa chosoka

Loweruka lapitali, ine mwamuna wamkulu wa imvi m'ndevu, ndinanjenjemera pamaso pa nkhuku yophikaphika. Musaseke, abale anga. Inali m'bakuli, patebulo, m'nyumba ya apongozi anga kuseri kwa Manyamula, ndipo pamwamba penipeni pa nyamayo anasanjikapo nthutumba, kuti ndikangovundukula ndiyambe kuona iyo.

Inu nthutumba mumaidziwa. Sapatsa mwana, sapatsa wodutsa. Amapatsa munthu amene nkhukuyo yafera. Ndiye inali yanga, ndipo thukuta linali litayamba kale kutsika kumsana.

Ndiyambe ndakuuzani chimene chinandichitikira, poti ena mwakhala mukufunsa chifukwa chake danga langa lino la m'nyuzipepala linangoti zii masabata apitawa. Ndinali ku Joni. Sindinapite kukasaka maganyu ngati anyamata athu a kuno ku Mzimba, ayi. Ndinapita kukadulitsa chifu.

Amene mumandidziwa pa boma pano mukukumbukira mmene ndinalili. Ndine uja a kabaza ankati akandiona ndikubwera, onse n'kuyamba kukonza tcheni. Tinkaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma kunyumba kunalibe zoseka. Shuga anali atakwera, bipi osatsika, maondo akulira ngati chitseko chakale. Ndinayesa kuyenda m'mawa, ndinayesa kusiya tiyi wa shuga, ndinamwa madzi a mandimu mpaka mano kuyayamira. Thupi osasuntha. Mapeto ake mng'ono wanga amene amakhala ku Joniko anandipezera madokotala ochita opaleshoni yochepetsa chifu. Amadula mbali yaikulu n'kuitaya, kotsalako n'kusoka, kukhala kathumba kakang'ono kowonda ngati nthochi.

Dokotala wake sanandinyengerere. Anati masabata oyambirirawa msoko umakhala usanagwirane, ndiye ndiyambe ndi madzi ndi msuzi wosefa, kenako phala lamadzimadzi, kenako zofewa monga chipere, dzira losalimba ndi nsomba yonyenyanyenya. Nyama ndiiwale kaye. Ndisamwe madzi ndikudya. Ndisameze ndisanatafune mpaka chakudya chisanduke phala mkamwa. Ndipo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti msokowo ukang'ambika, za m'mimba zimatayikira mkati, ndipo munthu akachedwa kufika kuchipatala ndiye kuti basi.

Mawu amenewa ndinabwera nawo m'basi mpaka ku Mzimba, ndipo sanandichoke.

Mwezi sunathe chichitireni opaleshoniyo. Ndimadyera m'kapu ya tiyi, ndi kasupuni kodyetsera mwana. Ndikangotapa kangapo, m'mimba mwadzaza thothotho, ngati ndadya pa ukwati. Koma maso, abale! Maso sanawachite opaleshoni. Maso akadali a munthu wakale uja. Aneba akamakazinga anyezi, malovu amadzaza mkamwa, ndipo ndimakwiya popanda wondiputa. Mkazi wanga NyaShaba anayamba kudyera kukhitchini chobisala, ngati akuba m'nyumba mwake momwe.

Choopsa kwambiri si njala, koma kumvetsera. Tsiku lonse ndimamvetsera m'mimba mwanga. Kakangolasa pang'ono m'nthiti, ndimaima chilili. Kodi ndi mpweya chabe? Kodi wang'ambika? Ndageya, kodi kugeya kumeneku n'kwabwino? Munthu amene ndinkameza mbatata yathunthu ndikuyenda, lero ndimaopa madzi akumwa.

Mwina mukufunsa kuti nanga kwa apongozi unkakatani, munthu uli chonchi?

Funsani mkazi wanga. Anati, "Bambo, amama amva kuti munali m'chipatala. Miyendo yawo mukuidziwa, sangakwere njinga kubwera kuno. Akufuna akuoneni ndi maso awo."

Ndinati, "Chabwino, koma uwaimbire. Uwauze kuti asaphike kanthu."

Anaimbadi, ine ndili pomwepo. Anawauza kuti sindikudya zolimba. Koma zimene zinamveka ku Manyamula n'zakuti mkamwini wafooka, akufunika nkhuku yachikuda yoti imubwezere mphamvu.

Kuti mumvetse bwino, ndikuuzeni za ine ndi apongozi angawa, a NyaMoyo. Ine kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ntchito, n'kukwatira konkuno. Zaka zonsezi ine ndi mayi amenewa sitinakhalepo pamkeka umodzi. Amandipatsa moni ali chapatali, atanjuta pambali pa khomo, maso ali pansi. Ine ndimayankha m'Chitumbuka changa chopunduka, iwo n'kuti, "Yewo, adada," n'kubwerera kukhitchini. Chakudya chimalowa chovundikira, ndimadya ndi mlamu wanga Wongani, mbale zimatuluka, ndipo iwo amakazivundukula okha kuti aone.

Kucheza kwathu konse n'kumeneko. Iwo amaphika, ine ndimamaliza.

Ndipo kumaliza ndinkamalizadi! Pamene ndinkafunsira mwana wawo, achibale ena sankafuna Mchewa pakhomo. Mkazi wanga anadzandiuza pambuyo pake kuti amene anathetsa nkhaniyo ndi mayi ake, ataona mbale zanga zoyamba zabwerako zoyera. Akuti anati munthu wodya chonchi pakhomo pa eni ake sabisa kanthu mumtima. Chiyambire pamenepo amanditchula kuti "mkweni wane," mkamwini wanga, ngati ana awo ena aakazi sanakwatiwe.

Ndiye Loweruka tinapita. Msewu wa fumbi uja ndinauyenda nditakumbatira pilo pamimba, bampu iliyonse ndikuitana dzina la Mulungu. Titangotsika, Wongani anayang'ana buluku langa, limene lamba wake ndinachita kuboola bowo latsopano.

"Aa! Alamu, mwaghanda chomene! Thupi lonse lija mwalisiya ku Joni?"

Ndinaseka nawo. Anabweretsa thobwa, lija kuno amati chindongwa, m'kapu yaikulu ya pulasitiki. Thobwa lotsekemera ndiye loletsedwa kwenikweni. Ndinangonyowetsa milomo n'kuika kapuyo pansi pa mpando. Wongani anaona.

Kenako mabakuli analowa. Mpunga uku, nkhuku uku.

"Sambani, alamu," anatero Wongani. "Nkhuku iyi amama aithamangitsa okha. Anakana kuti ndiwathandize, mbwenu mpaka anagwa nayo pafupi ndi nkhokwe. Akuti ya mkweni wawo sagwira wina."

Mayo ine! Mayi wokalamba, wa miyendo yotupa, kugwa pansi chifukwa cha ine.

Ndinatapa msuzi pang'ono, ndikupewa mafuta oyandama pamwamba. Unali wokoma, sindiname, wokoma mpaka misozi inalengeza. Ndisanapite patali, kathumba kaja kanadzaza. Ndinaika supuni pansi. Nthutumba ili pompaja, ikundiyang'ana.

Ndinanong'ona kuti, "Alamu, ndithandizeni iyi. Dokotala anandiletsa nyama."

Wongani anabweza dzanja ngati wakhudza moto. "Ine? Nthutumba ya mkweni? Mukufuna ndisamuke pamudzi pano? Ndapota, alamu, ingolumaniko. Kachidutswa kokha. Dokotala wanuyo ali ku Joni, amama ali apa."

Analoza ndi mlomo kuzenera. Ndipo ndinamvadi kutsokomola kwawo kuseri kwa khoma. Anali atakhala pamenepo, akumvetsera kulira kwa masupuni.

Inu mukanatani? Nenani zoona, mukanatani?

Ine ndinadula kachidutswa kochepa ngati njere ya nyemba. Ndinatafuna. Ndinatafunanso. Nthutumba ya nkhuku yachikuda sisungunuka, abale, ili ngati labala wa legeni. Nsagwada zinatopa, Wongani akundiyang'ana, kuseri kuja atsokomolanso. Ndinameza.

Sikanapite patali. Kanaima apa, pansi pa chifuwa, n'kukakamira. Ululu wake sindinaumvepo chibadwire. Malovu a thovu anadzaza mkamwa, thukuta lozizira linatuluka thupi lonse, mpweya unayamba kuperewera. Ndinadzuka, mpando n'kugwa. Ndinatuluka chothamanga, n'kudutsa pamaso penipeni pa apongozi anga, mkamwini wamkulu nditagwira pakamwa. Ndinakafika kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo zonse zinabwerera, msuzi uja ndi kachidutswa kaja.

Zoti andiona sizinali m'mutu nthawi imeneyo. M'mutu munali chinthu chimodzi: wang'ambika. Wang'ambika, ndipo ndili kuseri kwa Manyamula, pa khola la mbuzi, madokotala amene anandisoka ali kutsidya kwa malire a mayiko. Ndinamasula mabatani, n'kukweza vesiti, kuyang'ana pamimba ngati kuti msoko wa mkati ungaonekere kunja.

Ndi mmene anandipezera Wongani, atanyamula madzi m'chikho. Anaima. Anayang'ana pamimba panga nthawi yaitali.

"Alamu, nanga opaleshoni yake ili kuti?"

"Ndi imeneyi," ndinatero, ndikuloza.

Apa ndikufotokozereni. Opaleshoni ya mtundu umenewu sang'amba mimba. Amaboola timabowo ting'onoting'ono apa ndi apo, n'kulowetsa tizitsulo titalititali ndi kakamera. Zikapola pamatsala timizere takuda, tating'ono ngati chikhadabo, tomwazikana pamimba.

Wongani anapukusa mutu. "Izi ni simbo, alamu. Izi ndi mphini."

Ndinayesa kufotokoza za kakamera, mawu akutuluka modukaduka. Iye anati, "Amama anachitidwapo opaleshoni ku Embangweni pobadwa ine. Chipsera chake n'chotalika chonchi, mudzi wonse ukudziwa. Inu mukuti anachotsa chifu. Chinatulukira pati? Pa kabowo aka?"

Kunena zoona inenso ndinali mtulo, sindinaone.

Tsopano taikani zonsezi pamodzi, ngati ndinu munthu wa pamudzi paja. Mkamwini wapita ku Joni mwakachetechete. Wabwerako ndi mphini pamimba. Akuwonda tsiku ndi tsiku. Thobwa wakana. Nkhuku ya apongozi walawa pang'ono n'kukaisanza kuseri kwa khola. Inu mungati chiyani? Mungati anapita kwa sing'anga, ndipo sing'angayo anamuuza kuti asamadye kwa akuchikazi chifukwa m'mbale mwawo muli kanthu. Si choncho?

Ululu uja unatsika pang'onopang'ono. Nditapeza netiweki pamsewu ndinaimbira namwino wa kuchipatala cha ku Joni kuja. Anandikalipira ngati mwana, ndipo anali ndi chifukwa. Anati ndibwerere ku zamadzimadzi masiku angapo, ndipo thupi likatentha, kapena mtima ukayamba kuthamanga, kapena ululu ukabweranso, ndithamangire kuchipatala osadikira kuti kuche. Mpaka lero ndimangodzigwira pachipumi. Zikuoneka kuti msoko unapirira.

Koma pochoka pamudzi paja apongozi anga sanatuluke kudzatsanzika. Sizinachitikepo n'kale lonse. Mkazi wanga anatsala, ndinabwerera ndekha ndi pilo wanga.

Anafika Lolemba, maso ali otupa. Ndinamufunsa kuti, "Akuti bwanji amama?"

Anakhala pansi kaye, n'kumasula mpango. "Bambo, inu mutangochoka, amama anaitana onse a pakhomo. Anatulutsa bakuli lija pabwalo. Anatenga nthutumba munasiya ija n'kuyamba kudya, anthu akuona. Mano awo mukuwadziwa, atsala ochepa. Analimbana nayo mpaka kuimaliza. Kenako anati, tiyeni tidikire tione ngati ndife."



"Ndinawafotokozera zonse," anapitiriza NyaShaba. "Ndinawauza kuti ndinali nanu kuchipatalako, ndinaona ndi maso anga. Akuti mkazi amaikira mwamuna wake kumbuyo. Akuti ndisadzavutikenso kubwera nanu. Ngati mukuopa mbale yawo, muzidya kwanu."

Ndinakwiya, ndisabise. Ndinayenda uku ndi uku m'nyumba ndikulankhula ndekha. Ndife chifukwa cha nthutumba? Mukufuna mudzanditamande pamaliro kuti anali mkamwini womaliza mbale? Koma mkwiyowo utatsika ndinaona kuti sindikukwiyira mayi uja yekha. Ndikukwiyira tonsefe, ndi ine ndemwe.

Taganizani. Tili ndi njira zambirimbiri zouzira mlendo kuti adye. Idyani. Onjezerani. Mwadya chiyani pamenepa? Musachite manyazi, pano ndi panu. Mukutinyoza kodi? Koma mlendo amene sangathe kudya tinamusiyira mawu ati aulemu? Palibe. "Ndakhuta" amaloledwa pokhapokha mbale itayera. Ukanena kuti dokotala anandiletsa, amakuuza kuti kamodzi kokha sikapha.

Kamodzi kokha sikapha! Ndi angati a shuga amene amagugudiza botolo la zotsekemera pa chinkhoswe chifukwa wawapatsa ndi mwini mwambo? Ndi angati a bipi amene amameza ndiwo za mchere wowawa kwa achibale, n'kukagona mutu ukuphulika? Ndi angati a zilonda za m'mimba amene amalandira mbale ya tsabola ndi manja awiri, n'kuthokoza? Timawaona, ndipo timakondwa kuti adya.

Pamene ndinkafufuma chaka ndi chaka, palibe khomo limene linandiuza kuti basi pakwana. Kulikonse ankati, "Bwana, zikuyenda!" Ndikupuma mobanika pokwera kachitunda ka kumsika, anthu akuti zikuyenda. Lero ndayamba kumanga ndekha zingwe za nsapato, mankhwala a shuga andichepetsera, ndiye pamene anthu akundimvera chisoni. Dzana mayi wina wogulitsa tomato anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndisataye mtima, masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala nako.

Komabe a NyaMoyo sindingawaike m'gulu la ankhanza. Mayi uja alibe galimoto yoti akanditengere kudepoti. Alibe mawu oti andiuze maso ndi maso, mwambo unawatseka pakamwa monga unanditsekera ine. Ali ndi nkhuku zake zowerengeka. Atamva kuti mkweni wawo wadwala, anachita chinthu chachikulu chimene akanatha, mpaka kugwa nacho pansi. Ndipo anandiona ndikuthamanga kukachitaya kuseri kwa khola. Ndikaganiza mmene anamvera, mtima umandiwawa kuposa mmene chinandiwawira chifuwa.

Ndimawakonda mayi amene aja. Sindinawauzepo, poti ndikanawauza bwanji? Mayi anga ondibereka anamwalira kalekale, ndipo kuno kuchilendo amene amafunsa ngati ndadya ndi iwowa. Sindikufuna kuwataya.

Ena mwa anzanga akuti ndidikire. Pakapita miyezi ndidzayamba kudya nyama pang'onopang'ono, ndidzapite nthawi imeneyo. Koma ngakhale nthawi imeneyo sindidzamalizanso mbale ngati kale, dokotala ananena poyera. Ndiponso nkhani pamudzi sidikira miyezi. Pofika lero yadutsa kale mtsinje, yafika kwa azakhali ndi kwa atsibweni, ndipo aliyense akuwonjezerapo mphini zake.

Ndiye ndaganiza chochita. Loweruka likubwerali ndikubwerera ku Manyamula. Sindikalowa m'nyumba ya alendo. Ndikapita kukhitchini kwawo, kumene mkamwini safika, ndikakhale pansi pakhomo. Ndikawapempha ndi pakamwa panga, osadzera mwa mwana wawo, kuti andiphikire phala lamadzimadzi ndi manja awo, alisefe, andipatse iwo eni. Ndikamwera pomwepo, iwo akuona, kasupuni kamodzikamodzi, ngakhale zitenge mpaka dzuwa kupendeka.

Mkazi wanga akuti ndapenga. Akuti mwina sakatuluka n'komwe, mwina akathawira kudimba akangomva galimoto. Wongani pa foni anangoti, "Yezgani, alamu," kutanthauza kuti yesani, ndipo mawu ake sanali a munthu amene akukhulupirira kuti zitheka.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa si chimenecho.

Lero m'mawa, pakhomo panga pano, NyaShaba anandiphikira phala monga mwa masiku onse, losefa bwinobwino, lopanda ndi kambulu komwe. Ndinkamwa ndikuganiza za Loweruka, za mawu amene ndikayambe nawo, za nkhope ya mayi uja. Sindinazindikire kuti ndafulumira. Phala la mkazi wanga, m'nyumba mwanga, popanda wondiyang'ana, linabwerera lonse.

Nanga la apongozi likakabwerera, iwo ataima pomwepo ndi chikombe m'manja, ndikawauza kuti chiyani?